Thobwa si madzi

Lolemba kusikelo kunabwera mayi wina wa mimba yachinayi. M'buku munalembedwa masabata 26, koma nditayeza mimba tepi inafika pa masentimita 31, kusonyeza kuti mimbayo inali yaikulu kuposa masabata ake. Ndinawafunsa za mwana wawo womaliza. "Anabadwa wojintcha, makilo anayi ndi theka," anayankha akumwetulira. Ine sindinamwetulire nawo. Kwa ife azamba, khanda loposa makilo 4 limatikumbutsa mapewa okanirira pobadwa, komanso shuga wa khandalo amene amatsika mwadzidzidzi likangobadwa.

Ndinawauza kuti abwere Lachitatu m'mawa asanadye kanthu, kuti tidzawayeze matenda a shuga amene amayamba mayi akakhala ndi pakati. Anabweradi, atayenda wapansi kuchokera kutsidya kwa mtsinje.

"Mayi, simunadye chilichonse?"

"Ayi anesi, ndangomwa thobwa panjira basi."

Wolakwa ndinali ine. Ndinati asadye, za kumwa sindinatchule. Tinagwirizana za mawa lake, ndipo ulendo uno ndinachita kutchula chimodzichimodzi: thobwa, tiyi, Sobo, nzimbe. Madzi okha.

Lachinayi tinawabaya chala kuti tiyeze shuga wa m'magazi: 5.9. Anamwa madzi osungunulira magalamu 75 a gulukosi, akukwinya nkhope poti amatsekemera mpaka kuchititsa nseru, n'kukhala pabenchi. Patatha maola awiri, 9.4. Malire amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika mu 2013 ndi 5.1 munthu asanadye, ndi 8.5 pakatha maola awiriwo. Ponse pawiri anapyola, chonsecho samamva kupweteka paliponse. Nsengwa ikamakula imatulutsa mahomoni ofooketsa mphamvu ya insulin, imene imatsitsa shuga m'magazi, n'chifukwa chake timayeza pakati pa masabata 24 ndi 28. Kunena zoona, sitiyeza aliyense. Timapepala toyezera n'tochepa, ndiye timasankha: onenepa kwambiri, amene kwawo kuli odwala shuga, amene anaberekapo mwana wamkulu kapena wakufa.

Ntchito yeniyeni inali Lachisanu, pamene anabwera ndi apongozi awo, eniake a mthiko pakhomopo.

"Mwananga, wapakati amadyera awiri. Iwe ukuti timumane nsima?"

"Sitikuwamana, agogo. Mitanda itatu ija ikhale umodzi ndi theka, ya mgaiwa. Malo otsalawo mudzaze nkhwani, bonongwe, nyemba, usipa ukapezeka. Azidya pang'onopang'ono koma kangapo, ndipo akadya aziyendako."

Ndinafotokozanso kuti pakatha masabata awiri shuga asanatsike, adokotala adzawayambitsa mapiritsi a metformin kapena jakisoni wa insulin, kuti akachirira kuchipatala chachikulu komwe angathe kupanga opaleshoni, ndiponso kuti tidzawayezanso pakatha masabata 6 mwana atabadwa, poti ena shugayo amadzawabwerera m'tsogolo.

Agogo aja anakhala chete nthawi yaitali, akupindapinda nsonga ya chitenje. Kenaka anati mgaiwa iwo anasiya kalekale, ndi ufa wa nthawi ya njala. Koma ponyamuka anafunsa ngati thobwa lopanda shuga likuloledwa. Ndinati kapu imodzi yaing'ono, osati chigubu.