Tsiku lomwe kampango wanga anakanidwa

Ine ndakhala ndikuphika pa loji ina kuno ku Cape Maclear kwa zaka zingapo ndithu, ndipo ndinkadziona ngati za malamulo a zakudya ndinazimaliza. Kuno ndi ku Mangochi paja, za halaal tinakula nazo, mbuzi ikachinjidwa ndi a shehe aliyense amadya mtima uli m'malo, za kapado sitizitchula n'komwe kukhitchini. Ndiye abwana atandiuza kuti kukubwera banja lachiyuda lochokera ku Israel ndipo amadya kosher, zakudya zololedwa ndi malamulo achiyuda, ine ndinangoti aaa zophweka izo, bola nkhumba isaoneke basi.

M'mawa ndinalawirira kudoko kwa Chembe ndikupeza kampango wamkulu wonona bwino, ndinachita kulimbirana ndi mayi wina wa geni. Kufika naye kukhitchini, mayi wachiyuda uja anabwera kudzaona, anangomusisita ndi chala pamsana n'kupukusa mutu uku akumwetulira. Alibe mamba. Lamulo lawo lili mu Levitiko 11, nsomba yodya ikhale ndi zipsepse komanso mamba, zonse ziwiri, ndiye kampango, mlamba, bombe, onsewo kunja. Chambo, usipa, utaka, mpasa zilibe vuto. Apa mpomwe ndinakumbukira azakhali anga a Seventh Day omwe mlamba salawa, kani vesi lake ndi lomweli, ine ndinkangoyesa kuti ndi kunyada chabe. Ngakhale chambo chimene anati ndisachisende iye asanachione, amafuna aone mamba ndi maso ake.

Koma chomwe chinandipweteka mtima poyamba ndi nkhani ya mapoto. Mapoto anga ndimakwecha mpaka kudzionera nkhope, koma anawakana onse, ngakhale mthiko ndi mpeni. Sikuti ndi uve ayi, kwa iwo poto amasunga kakomedwe ka zomwe anaphikidwamo, ndipo anga aphika zonse, kampango yemweyo, nyama yothira batala, chilichonse. Nyama ndi mkaka kwa iwo sizikumana, zimachokera pa mawu aja a mu Eksodo 23:19 oletsa kuphika mwana wa mbuzi mu mkaka wa mayi wake, ndipo mawuwa analembedwa katatu m'mabuku a Mose. Kwawo ali ndi mbale ziwiriziwiri, za nyama pazokha za mkaka pazokha, ndipo akadya nyama ambiri amadikira maola 6 asanamwe za mkaka. Tangoganizani mwadya kanyenya masana, tiyi wamkaka wa 4 koloko ndiye mwaluza. Izi kwa anzathu achisilamu kulibe, apa ndipomwe ndinaona kuti ndinalemba m'madzi.

Ndiye bamboyo anapita ku Monkey Bay n'kukagula sefuliya ziwiri zatsopano, felempani ndi mpeni. Atabwera anamatula timapepala tonse tomata tija, n'kulowa nazo m'nyanja mpaka m'mawondo, kupemphera mawu ochepa m'Chiheberi kenako kumiza chimodzichimodzi, akumamasula dzanja pang'ono kuti madzi akhudze paliponse. Ana omwe ankasamba chapafupi anafa nacho chiseko, wina anakuwa kuti mzungu akubatiza poto! Bamboyo atamasuliridwa nayenso anaseka.

Nyama sanadye sabata yonse. Mbuzi, ng'ombe ndi nkhosa n'zololedwa chifukwa zimabzikula komanso ziboda zake n'zogawanika, nkhuku nayo amadya, koma wozinga akhale myuda wophunzitsidwa ntchitoyo, amamutchula kuti shochet, mpeni wake wosakhala ndi kachibenthu ngakhale pang'ono, kenako nyamayo amaithira mchere kuti magazi atuluke. Ya a shehe athu anaikana mwaulemu. Ndiye zinali chambo, nyemba, mpunga, nsima ndi mazira basi.

Mazirawo nawo ndi nkhani. Lililonse ankaswera mu tambula yagalasi kaye, kuliyang'ana pansi ndi pamwamba, likakhala ndi kadontho ka magazi kulisiya. Athu a nkhuku zachikuda zoyenda ndi tambala mukuwadziwa, pa mazira khumi, awiri anakanidwa, ndinakazinga ndekha n'kudya. Masamba a mpiru ankatsuka n'kumayang'ana tsamba limodzilimodzi padzuwa kusaka tizilombo. Nditamuuza mayi uja kuti ife ngumbi timachita kuzikazinga dala anagwira pakamwa, ngakhale iye mwini anavomera kuti mitundu ina ya dzombe Levitiko yemweyo amailola. Za mbewa sindinayambe n'komwe.

Moto pa mbaula ankayatsa ndi bamboyo, ine n'kumaphika, akuti myuda ayenera kutengako mbali pa kuphikako. Makala kumukanika kukoleza, utsi m'maso, ine kungoima pambali manja akundiyabwa. Lachisanu tinaphikiratu zonse dzuwa lisanalowe chifukwa kuyambira pamenepo mpaka Loweruka kutada sayatsa moto, ndipo chambo chozizira anadya osadandaula.

Kampango uja tinamudya usiku wa tsiku loyamba lomwelo ine ndi achimwene olondera, ndi nsima ya gaiwa, msuzi wake wa tomato yekha. Pochoka sefuliya zija anandisiyira. Imodzi ndimaphikira tiyi, inayo mkazi wanga anaphikiramo kale mlamba.