Nazale yathu ya maapozi a agwape ku Minnesota

Nazale yathu ili kumpoto kwa Minnesota ku America, ndipo ambiri mwa ogula mbande kwa ife alibe nazo ntchito zoti apozi akukoma bwanji. Ndi alenje ndi eni nkhalango amene amafuna agwape amchira woyera azizolowera pamalo pawo. Kuno lamulo limaletsa kuunjika chakudya ponyengerera gwape kuti umuombere, koma mtengo wodzala wekha ukamagwetsa zipatso palibe mlandu. Ine ndi amuna anga tinapezera pomwepo bizinesi.

Munthu akatiimbira foni, timayamba tamufunsa kumene kuli malo ake. Dera lathu lili mu zone 3 pa mapu a USDA, unduna wa zaulimi wa ku America, kutanthauza kuti chisanu chimatha kufika madigiri -40. Mtengo wosazolowera umaoneka bwinobwino chaka choyamba, chachiwiri khungwa lang'ambika, basi wauma. N'chifukwa chake timakwatitsa pa tsinde la Antonovka, lochokera ku Russia. Limachedwa kubereka, zaka 6 kapena kuposerapo, koma limazika mizu mozama ndipo mtengo umatalika mpaka gwape osafikira nsonga. Matsinde aafupi ngati M9 ndi a m'minda yamalonda yokhala ndi mpanda; kutchire gwape amangowamwetula.

Ambiri amafika akufuna mtundu wa apozi wa Honeycrisp, poti ndi wotchuka chitulutsireni University of Minnesota mu 1991. Ine ndimawalangiza zina. Kwa mlenje chofunika ndi nthawi imene zipatso zimagwa. Dolgo, wa timaapozi ting'onoting'ono tofiira, amapirira chisanu kwambiri ndipo mungu wake umathandiza mitengo ina kubereka, koma amapsa chakumapeto kwa August. Haralson, wotulutsidwa mu 1922, amapsa mu October. Kusaka ndi mfuti kumayamba kumayambiriro kwa November, ndiye mtengo woti pofika nthawiyo wayoyola kale sungamuthandize.

Ntchito imene ndimaikonda koposa ndi yofunafuna mitengo m'mafamu akale osiyidwa, titapempha eni ake. Timapita chipale chofewa chitagwa kale. Mtengo umene ukadali ndi zipatso m'mwamba masamba atathothoka, pansi pake pali mapazi a agwape okhaokha ndi chipale chofukulidwa ndi ziboda, umenewo timaumanga kansalu. Ndimayang'ananso khungwa la mbali yakumwera chakumadzulo ngati silinang'ambike, komanso ngati palibe nsonga zakuda zopindika ngati zapsa ndi moto, chizindikiro cha matenda a fire blight. Mtengo umene wakhala zaka zambirimbiri wopanda woupopera mankhwala kapena kuuthirira, ndimaukhulupirira kuposa zolembedwa m'kabuku ka malonda. Njere zake sitidzala, chifukwa apozi wa njere satengera kholo lake. Timabwerera mu March kukadula tinthambi tokula ngati pensulo, n'kutisunga mufiriji mpaka nthawi yokwatitsa mu April.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinyengerera nacho kasitomala: mpanda. Mbande iliyonse izungulizidwe ndi waya wotalika mita imodzi ndi theka, chifukwa agwape omwewo amadya nsonga ndipo amphongo amakhuza nyanga patsinde mpaka kulisupula. M'munsi muzikhala sefa wachitsulo, apo ayi mbewa zidya khungwa kuzungulira zili pansi pa chipale. Amene ndalama zake zangokwanira mbande 10 zopanda mpanda timamuuza atenge 4 za mitundu yosiyana, yotsalayo agulire waya.