Boti lili pamtunda, ife tili kwa amayi

Lachinayi.

Katundu wina wafikanso lero m'mawa. Achemwali ndi amene anamulandira pakhomo, ndipo polowa naye anangoti, "Kodi inu munabwera kudzapuma kapena kudzatsegula sitolo?" Ndinangoseka. Chipinda chimene amayi anatipatsa chadzaza makatoni, moti kuti ufike pabedi umachita kulumpha.

M'katoni ya lero munali zinki, zosefera dizilo ndi timalabala ta pampu ya injini ya boti limene timakhalamo. Amayi anatola chidutswa chimodzi cha zinki, nachitembenuza uku ndi uku. "Chitsulo chimenechi wachita kugula ndi ndalama, mwanawe?" Ndinawafotokozera kuti madzi amchere amadya chitsulo, makamaka pamene zitsulo ziwiri zosiyana zakhudzana m'madzimo. Ndiye timamangirira zinki pafupi ndi pulopela kuti madziwo azidya zinkiyo n'kusiya pulopela. Ikadyeka theka timaichotsa n'kuika ina. Amayi anapukusa mutu. "Ndiye kuti umagula chinthu choti chikawonongeke basi?" Ndinati eya, ntchito yake ndi yomweyo.

Kalabala ka pampu ndi kakang'ono, kakuda, kokhala ndi timapiko, koti munthu akhoza kukafumbata m'dzanja. Ndi kamene kamakoka madzi a m'nyanja oziziritsa injini. Timapiko tikathothoka, injini imatentha pa mphindi zochepa chabe, ndipo zimenezi zimakonda kuchitika pamene ukulowa padoko, miyala ili mbali zonse. Pazilumba zing'onozing'ono za ku Caribbean kalabala kameneka sungakapeze wamba. Ukaitanitsa umadikira milungu, kenako n'kukalimbana ndi a kasitomu. N'chifukwa chake aliyense wokhala m'boti akamapita kwawo amanyamula mndandanda wautali, wake ndi wa anzake omwe. Tikiti yathu imalola makilogalamu 23 pa sutikesi imodzi, ndipo amuna anga akhala akukweza sutikesi yopanda zovala pasikelo ya kubafa tsiku ndi tsiku, n'kumawerengetsa chamumtima.

Ena akumaganiza kuti tabwera chifukwa tatopa nawo moyo wa panyanja. Chatibweretsa ndi kalendala. Ku nyanja ya Atlantic nyengo ya anamondwe imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala, ndipo imavuta kwambiri kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Makampani ambiri a inshuwalansi amafuna kuti pa miyezi imeneyi boti likhale kumwera kwa mzere umene amaulemba m'pangano, ndipo nthawi zambiri mzerewo umadutsa cha kufupi ndi Grenada. Ife tinatsikira mpaka ku Chaguaramas, ku Trinidad, kumene kuli pafupifupi madigiri 11 kumpoto kwa equator. Kufupi ndi equator mphamvu ya kuzungulira kwa dziko imene imapotokola mphepo kuti ikhale namondwe imakhala yochepa, choncho anamondwe ambiri amadutsa chakumpoto.

Ndati ambiri, sindinati onse. Kale amalinyero ankati Grenada ndi kothawirako, mpaka namondwe Ivan anafika mu Sepitembala 2004 n'kugwetsa maboti amene anali atawaimika pamtunda, lina kugwera pa linzake. Ndiye pa 1 Julaye 2024 Beryl anasakaza chilumba cha Carriacou, cha m'dziko lomwelo la Grenada, patangopita mwezi umodzi chiyambire nyengoyo, anthu ambiri asanaganize n'komwe zosuntha. Munthu akamandiuza molimba mtima kuti malo akutiakuti namondwe safikako, ndimangodziwa kuti panyanja sanakhalitsepo.

Boti lathu analitulutsa m'madzi ndi chimakina cha malamba awiri, n'kulikhazika pa zochirikiza zachitsulo. Masiku otsatirawo anali a thukuta lokhalokha. Matanga tinawatsitsa, kuwatsuka ndi madzi opanda mchere, kuwaumitsa n'kuwapinda. Thanki ya dizilo tinaidzaza mpaka pakamwa kuti chinyezi chisapeze malo. Makina osefera madzi tinawathira mankhwala kuti tizilombo tisamere m'kati. Chakudya chonse tinagawira anzathu otsala, makoma tinawapukuta ndi viniga, ndipo miyendo ya zochirikiza zija tinaipaka girisi chifukwa nyerere za kumeneko sizichedwa kupeza njira. Potseka chitseko tinali titafooka moti m'ndege tinagona osadya.

Cha m'ma 11 koloko kunabwera uthenga pa WhatsApp kuchokera kwa bambo amene timawalipira kuti azisuzumira m'botimo. Magetsi a pabwalo limene tinaimikapo boti anathima sabata yatha, ndipo atayakanso makina athu ochotsa chinyezi sanadzuke okha. Pazithunzi pakuoneka timadontho takuda ta nkhungu padenga la chipinda chakutsogolo. Amuna anga anakulitsa chithunzi chilichonse ndi zala mpaka chinasiya kuoneka, ngati kuti akachiyang'anitsitsa nkhunguyo ichita manyazi. Tinawapempha bambowo kuti apukute, atsegule makabati onse, ndipo ayang'anenso pansi penipeni ngati madzi a mvula sanalowe. Anayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Kuchokera kuno palibenso china chimene tingachite, ndipo amuna anga zimenezi zikuwasowetsa mtendere kuposa nkhunguyo.

Masana anathera m'mizere. Kwa dokotala wa mano, amene anandidzudzula ngati mwana. Ku ofesi ya mapasipoti, chifukwa masamba atsala pang'ono kutha. Kuzilumba kuja ukhoza kuyenda theka la tsiku n'kupezeka kuti walowa dziko lina, chidindo chinanso. Kenako kubanki, kukafotokoza kuti amene wakhala akugwiritsa ntchito khadi langa m'mayiko osiyanasiyana ndine ndemwe. Chizungulire chija cha masiku oyamba, pamene pansi pankaoneka ngati pakugwedezeka ndikaima m'bafa, chinatha. Chatsala ndi miyendo. M'boti ukaponda kangapo wafika kumapeto, ndiye kuyenda m'misewu tsiku lonse akatumba akumva kuwawa.

Madzulo kunabwera achimwene ndi alamu. Mafunso ake ndi omwe aja amene aliyense amafunsa. Munakumanapo ndi mafunde aakulu bwanji? Nanga shaki? Nanga achifwamba a panyanja? Ndimayankha ndithu, koma ndimaona kuti mayankho anga amawagwiritsa mwala. Mafunde aakulu timawapewa, chifukwa tisananyamuke timakhala masiku tikuwerenga za nyengo. Ulendo wodutsa Atlantic kuchokera ku Las Palmas, kuzilumba za Canary, kukafika ku Caribbean ndi wa makilomita pafupifupi 5,000, ndipo boti ngati lathu limayenda makilomita 10 kapena 11 pa ola. Achimwene atamva zimenezi anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Ndiye kuti wa njinga akhoza kukupitirirani?" Akhoza, ndipo osatuluka thukuta.

Chimene ndimalephera kuwafotokozera bwino ndi chimene chimatopetsa kwenikweni. M'boti mulibe ola limene munthu sakuyang'anira kanthu. Tikakhala paulendo timasinthana maola atatuatatu, usana ndi usiku. Wina akagona, wina amakhala panja atadzimangirira ndi lamba kuboti, chifukwa ukagwera m'madzi usiku mnzako ali m'tulo, nkhani yatha. Mphindi 15 zilizonse umaimirira n'kuyang'ana mbali zonse. Sitima yaikulu yonyamula katundu imathamanga moti kuchokera pamene waona nyali zake kutali mpaka kukufika sipadutsa nthawi yaitali. Tili ndi kachipangizo ka AIS kamene kamaonetsa dzina la sitima, liwiro lake ndi kumene yalunjika, koma mabwato ambiri a asodzi alibe, ndipo chipika choyandama sichilengeza kuti chikubwera. Maola ako akatha umatsika, n'kudzipanikiza pabedi ndi mapilo kuti usagubuduke, ndipo tulo tikangoyamba kukoma mnzako wakugwira phazi.

Ngakhale pamene taponya nangula pamalo abata, khutu siligona. Limamvetsera tcheni. Tcheni ikamakhula pamchenga imalira mwina, ikamakhula pamwala imalira mwina, ndipo nangula akayamba kukokeka thupi limadziwa mutu usanadzuke. Mphepo ikatembenuka pakati pa usiku umatuluka ndi tochi kukaona ngati boti la mnzako silikukuyandikira. Pampu yotulutsa madzi olowa m'boti ikalira kawiri motsatizana umadzifunsa kuti madziwo akuchokera kuti. Zimafanana ndi tulo ta mayi wa mwana wakhanda, kungoti mwana ameneyu sakula.

Alamu ndi amene anamvetsa. Anati, "Ndiye kuno mukugona bwino?" Ndinawauza kuti ndikuphunzira. Chitseko chikamenyetseka usiku ndimapezeka ndakhala tsonga, dzanja likufufuza tochi. Koma pakumapezeka masiku ena oti ndagona mpaka kucha, ndipo ndikadzuka ndimadabwa kuti nyumba ili pomwe inali dzulo popanda wina kuilondera. Kwa ine kupuma kwake n'kumeneko. Zoti bedi ndi lalikulu kapena madzi osamba ndi otentha n'zongowonjezera.

Za madzi zinatiyambanitsa pang'ono ndi achemwali. Mwana wawo wamkazi ankatsuka mano mpopi uli chitsegulire, ndipo ine podutsa ndinangotambasula dzanja n'kutseka. Mwanayo anandiyang'ana modabwa. Achemwali ali kukhitchini anakuwa, "Kuno si panyanja, musamuopseze mwana!" M'lita imodzi ya madzi a m'nyanja mumakhala mchere pafupifupi magalamu 35, ndipo kuti tipeze madzi akumwa makina amachita kuwakankha mwamphamvu kudutsa m'sefa yopyapyala kwambiri, uku akudya magetsi amene masola atolera tsiku lonse. Ukazolowera zimenezo, phokoso la madzi ongotayika limakulowa m'mutu. Ndinamuuza mwanayo kuti tsiku lina ndidzamutenga akaone. Anafunsa ngati m'botimo muli intaneti.

Mwana ameneyu ndinamusiya akundifika m'chiuno, lero akundifika paphewa, ndipo ali ndi nkhani zake zimene ine sindikuzidziwa mutu wake. Pakhomo pano zambiri zachitika ine kulibe. Akamacheza amatchula maukwati, matenda ndi mikangano imene inayamba n'kutha, ndipo ndikafunsa amati, "Aa, paja inu kunalibe." Sanena mwachipongwe, koma mawuwo amabaya ndithu.

Alendo atapita ndinakhala ndi amayi pabalaza. Anandipempha kuti ndiwawerengere zolembedwa pabotolo la mankhwala awo, akuti zilembo za masiku ano akumazichepetsa dala. Zilembozo zinali zazikulu bwino. Nditawafunsitsa, achemwali ndi amene anaulula kuti dokotala anapeza ng'ala m'maso onse awiri, ndipo diso lamanja likufunika opaleshoni chaka chino chisanathe. Akhala akudziwa kwa miyezi. Nthawi zonse ndikaimba foni kuchokera kuzilumba, amayi ankangoti, "Kuno tili bwino, iwe ndiye uzisamala ndi madziwo." Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze. Anati, "Ukanatani uli pakati pa nyanja? Ukanangodzisowetsa tulo."

Mawu amenewa andikhala pamtima usiku uno. Ine ndimatha kudziwa kuti padenga la boti lili kutsidya kwa nyanja pamera nkhungu, chifukwa pali munthu amene ndimamulipira kuti andiuze. Za maso a amayi anga ndazidziwa chifukwa cha botolo la mankhwala. Opaleshoni ya ng'ala siitenga nthawi, ambiri amatuluka tsiku lomwelo, koma pambuyo pake pamafunika munthu wowathira mankhwala m'diso, wowaletsa kuwerama ndi kunyamula zolemera, wowaperekeza kukaonedwanso. Achemwali amagwira ntchito, ndipo asenza zonsezi okha nthawi yaitali osadandaula pafoni ngakhale kamodzi.

Tisanagone amuna anga anatsegula tsamba la National Hurricane Center, bungwe la ku Miami loona za anamondwe, monga amachitira usiku uliwonse. Pali kachizindikiro kachikasu kufupi ndi zilumba za Cabo Verde, kumene anamondwe ambiri oopsa amabadwira kuchokera ku mphepo zotuluka kumadzulo kwa Africa. Chikasu chimatanthauza kuti mwayi woti mphepoyo ikule n'kukhala namondwe ndi wochepa. Anatseka foni, ndipo ndinawauza za amayi.

Pulani yathu inali yobwerera limodzi kumayambiriro kwa Novembala, kukapala pansi pa boti, kupaka penti yoletsa tinkhono kumamatira, kumanga zinki zija, n'kulibwezera m'madzi nyengo ikangotha. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri, ndipo kutentha kwa ku Trinidad sikuchitira chifundo munthu wopala penti yekha. Anakhala chete kanthawi, kenako anati iwo atsogola, akapeza mnyamata wowathandiza pabwalopo, ine ndidzawapeza diso lamanja likapola. Ndinawafunsa za diso lamanzere. Anati tidzaona likafika. Mawa m'mawa ndiimbira a ndege kuti ndimve kuti kusintha tikiti imodzi ndi ndalama zingati, kenako ndiperekeza amayi kuchipatala kuti akatipatse tsiku.