Sabata ya kalilole ndi "papaya": ntchito ndi ana ong'ambika m'kamwa

Pa ntchito yathu yophunzitsa ana kulankhula bwino, Lolemba ndi tsiku la ana amene anasokedwa kale kumwamba kwa m'kamwa. Opaleshoni imeneyi imachitika mwana ali ndi miyezi pakati pa 9 ndi 18, asanakhwime pa kalankhulidwe. Makolo amabwera ndi dandaulo limodzi: "Anamusoka, koma akulankhulirabe m'mphuno." Pa mwana aliyense timafuna tidziwe ngati mpweya ukuthawiradi m'mphuno, kapena ngati ndi chizolowezi chimene anachiphunzira m'kamwa muli pong'ambika.

Mbali yofewa ya kumwamba kwa m'kamwa, kumbuyo kwenikweni, imayenera kukwera n'kukhudza khoma la kummero kuti itseke njira ya m'mphuno. Imatseguka pa m, n, ny ndi ng' basi. Ikakhala yaifupi kapena yosayenda bwino, mpweya sudzaza m'kamwa, ndiye p, b, t, d, k, s zimafooka. "Bambo" amamveka "mamo". Pa Chichewa chathu zimavuta kwambiri ndi ph, th, kh: phala, thumba, khasu.

Poyeza timaika kalilole kakang'ono, kozizira, pansi pa mphuno. Mwana anene "papaya", kenako "pita ukagule sopo", chiganizo chopanda m kapena n. Kalilole akachita nthunzi, mpweya ukutuluka. Kenako timamutsina mphuno pang'ono akunena "pi, pi, pi"; mawu akasintha potsina, njira sikutsekeka.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinali za kuphunzitsa. Mtsikana wa zaka zinayi ankatchula p, t ndi k potseka kholingo, "kapu" n'kumveka "a'u". Ichi si cha opaleshoni. Anazolowera kudula mpweya pansi chifukwa m'kamwa sunkasungika. Timayambira pa h yofewa kuti kholingo likhale lotseguka, kenako milomo itsekere mpweya womwewo ipange p. Kachidutswa ka thonje padzanja kamathandiza, mwana amaona yekha kakuuluka. Poyamba mphuno timaigwira kuti amve mpweya ukudzaza m'kamwa. P ikakhazikika timapita ku t, k pambuyo. Amayi ake tinawauza kuti, "Mayi, mawu asanu okha, mphindi khumi patsiku, ndipo akalakwitsa musamukalipire, mungobwereza inu molondola." Za mabaluni ndi kuyamwa ndi kapaipi timaletsa: kupuzira ndi kulankhula thupi silizichita mofanana, ndipo nthawi imangotayika.

Lachinayi makutu. Minofu yong'ambikayo ndi yomweyo imene imatsegula kanjira kochokera kummero kupita mkati mwa khutu, ndiye ana ambiri otere madzi amaunjikana kuseri kwa nembanemba ya khutu. Khutu silipweteka, mwana amangomva mwa patalipatali, ndipo s ndi f ndi zoyamba kumusowa. Sitipitiriza maphunziro asanayezedwe kumva. Ku Blantyre kiliniki yoyeza makutu ili pa chipatala cha Queen Elizabeth.

Lachisanu anabwera mnyamata wa sitandade 2 ndi agogo ake. Mlomo wabwinobwino, m'kamwa mooneka mosang'ambika, koma mawu a m'mphuno, ndipo ali khanda mkaka unkatulukira m'mphuno. Titaunika ndi tochi akunena "aa", kanyama kolendewera kukhosi kanali kogawikana pawiri, pakati pa mbali yofewa pali mzere wooneka mopyapyala, ndipo chala chinamva kampata kumapeto kwa fupa. Uku ndi kung'ambika kobisika: khungu ndi lathunthu koma minofu pansi pake sinalumikizane. Kuphunzitsa kokha sikungatseke mpatawo. Tinalemba kalata kwa dokotala wa opaleshoni, ndi chenjezo lakuti mwanayu asachotsedwe adenoid (kanyama ka kuseri kwa mphuno, pamwamba pa kummero) asanaunikidwe, chifukwa nthawi zina ndi amene akuthandiza kutseka njirayo. Agogo anafunsa ngati zinabwera chifukwa mayi ake anaseka munthu wolumala ali woyembekezera. "Ayi agogo, m'kamwa mumalumikizana miyezi itatu yoyambirira ya pakati, ndipo mwa ana ena kulumikizanako sikutha. Palibe amene analakwa." Mnyamatayo adzabweranso dokotala akamuona.