Ulendo wathu wa ku Dorset, kwawo kwa Tess

Loweruka lija ife a gulu lowerenga mabuku tinanyamuka ku Reading, ku England, m'mamawa kusanache, tilipo 14 m'minibasi, aliyense ndi buku lake la Tess of the d'Urbervilles, lolembedwa ndi Thomas Hardy, lomwe takhala tikuwerenga nyengo yonse yozizira. Amalume oyendetsa anali atalengeza kuti wochedwa atsala, komabe anadikira amayi a kwaya mphindi 20, poti mandasi onse anali kwa iwo.

Mkangano unabuka pamsewu wa A303 titangoona miyala ya Stonehenge, pomwe m'bukumo apolisi anamupeza Tess ali mtulo pamwala. A msungichuma anati, “Komatu tisaiwale, mwanayu anapha munthu.” Moto buu! Amayi a kwaya anafunsa kuti nanga Alec, wophedwayo, amene anamuchita zachipongwe ali kamtsikana, anamumanga ndani? Achemwali athu anamwino anati woipitsitsa ndi Angel, mwana wa m'busa amene anamukwatira Tess. Usiku wa ukwati anaulula yekha kuti anasokonezekapo ndi mkazi wina ku London, Tess nkumukhululukira, koma Tess ataulula zake, mwamunayo anamusiya nkupita ku Brazil. Abambo akumpando wakumbuyo anayesa kumuikira kumbuyo Angel, koma mawu awo anamira.

Agogo anangokhala chete mpaka tinafika ku Bere Regis, mudzi umene m'bukumo ukutchedwa Kingsbere. Titaima panja pa tchalitchi, pansi pa zenera la banja la Turberville, lomwe m'bukumo ndi la d'Urberville, kamvula kakuwaza, ndi pomwe anayankhula.

“Ana inu, mukulimbana ndi amuna awiri, nyumba mwaiiwala?”

Anatikumbutsa kuti pangano la nyumba ya makolo a Tess linali lothera pa moyo wa bambo ake. Bamboyo atangotsikira kulichete, mayi ndi ana anakweza katundu pangolo, ndipo atasowa kolowera anaika bedi panja, m'mbali mwa khoma la tchalitchi. Alec anabwera ndi ndalama ndi malo ogona. “Mwana wamkazi woyamba kubadwa, azing'ono ake akugona pamame, mukuti akanayankha chiyani?” Kenako anatiuza za mayi wamasiye amene iwo anamuona kumudzi ali atsikana, achibale a mwamuna akumutulutsira ziwiya maliro atangoikidwa. Palibe anayankha. A msungichuma anavula chipewa, mvula ikuwanyowetsa.

Ine ndinagwirizana nawo agogo, ndipo ndikadali pomwepo. Tess, yemwe ananyongedwa chifukwa chopha Alec, sanafe ndi tsoka lobadwa nalo ayi. Banja lonse linkadalira kavalo mmodzi, Prince. Bambo ataledzera ndi nkhani yoti ndi a mtundu wa mafumu, mwana ndiye anayendetsa ngolo ya ming'oma ya njuchi usiku, kavalo nkulasidwa ndi ngolo ya makalata. Njala ndiyo inamutumiza kwa Alec. Khanda lake Sorrow analibatiza yekha, ndipo wansembe anakana kuliika mwachikhristu.

Za nkhomaliro zisaiwalike. Kanjira kopita ku Higher Bockhampton, kwawo kwa Hardy, nkopapatiza, mipanda ya zitsamba uku ndi uku, ndipo tinakumana ndi thalakitala. Amalume anabwerera chambuyo mtunda ndithu, tonse tikuwalangiza nthawi imodzi, wina kumanja, wina kumanzere. Atangoponda buleki, poto wa nkhuku anapendekeka, msuzi nkuyenderera pansi pa mipando mpaka m'chikwama cha amayi apampando. Buku lawo linatuluka lofiira ndi tomato kuyambira pachikuto mpaka pakati. Iwo anangolipukuta ndi chitenje nkunena kuti nyama ilipo, tidye. Tinadya mpunga wouma ndi nkhuku yopanda msuzi, ndiwo zamasamba zotendera nkutipulumutsa, ndipo poto anabwerera wopanda kanthu. Funso loti anaiwala kumanga chivundikiro ndani tinagwirizana kuti lisafunsidwenso pagulu.

Zomwe tinaphunzira: Thomas Hardy anabadwa mu 1840 m'kanyumba kofolera ndi udzu ka ku Higher Bockhampton, bambo ake anali mmisiri womanga. Mu 1856, ali ndi zaka 16, anaonerera Martha Brown akunyongedwa poyera ku Dorchester chifukwa chopha mwamuna wake. Buku la Tess linatuluka mu 1891, ndipo ambiri anakwiya poona kuti mlembi wamutcha mkazi wosadetsedwa. Hardy anamwalira mu 1928. Mtima wake unaikidwa ku Stinsford, komwe tinaimako pang'ono, phulusa lake ku Westminster Abbey.

Zikomo amalume potifikitsa bwino, amayi a kwaya chifukwa cha mandasi ndi nyimbo zapobwerera, achemwali anamwino omwe anachokera kuntchito ya usiku osagona, ndi a msungichuma omwe anabweza chenji mpaka kakobiri komaliza. Agogo, tikuthokoza mwapadera. Amayi apampando akana kuti gulu liwagulire buku lina, akuti adzabwera nalo lomwelo la msuzi pamsonkhano wa mwezi wamawa.