Makalata anayi amene sindidzawawerenga

Munali mu Januwale, mu ofesi ya mayi amene amalangiza ophunzira ofuna udokotala pa yunivesite yathu kuno ku Indiana, ku America. Magiredi anga anawaona n'kugwedeza mutu. Tsiku lolemba mayeso a MCAT, olowera kusukulu za udokotala, ndinali nditasankha kale. Kenako anandifunsa kuti, "Nanga ndi aphunzitsi ati amene amakudziwa bwino, oti angakulembere kalata yokuchitira umboni kusukulu za udokotala?" Ndinangoti kakasi. Zaka zitatu ndikuphunzira biology, koma panalibe pulofesa ndi mmodzi yemwe amene akanandizindikira titakumana m'sitolo.

Sunali ulesi. Ndinafika ku South Bend, mzinda wa kuno ku Indiana, ndili ndi zaka 15, nditangomaliza Fomu 2 ku Zomba, ndipo ndinabwera ndi mwambo umene unandilera: mphunzitsi sumugogodera pakhomo popanda nkhani yaikulu, wamkulu akamalankhula umayang'ana pansi. Kwathu khalidwe limeneli limakupatsa mbiri ya mwana womva. Kuno, m'kalasi ya organic chemistry ya anthu oposa 200, limangokubisa. Komanso kwathu amene akuchokera ku Fomu 4 amasankhidwa kupita ku yunivesite ndi mapointi a MSCE, ndipo kalata ya ahedi ikafunika amakupatsa m'manja, ya chidindo chake, umaiwerenga uli panjira. Kuno kalatayo imachoka kwa wolemba n'kupita kusukulu osadutsa m'manja mwako. Lamulo la FERPA la mu 1974 limapatsa wophunzira ufulu woona zolembedwa za iye, koma pafupifupi aliyense amasainira kuti ufuluwo wausiya, chifukwa sukulu zimakhulupirira kwambiri kalata imene mwiniwake sanaione. Ichi ndicho chinkandisowetsa tulo: tsogolo langa likhala m'mawu amene sindidzawamva.

Sukulu zambiri zopereka digiri ya udokotala ya MD zimalandira mafomu kudzera ku AMCAS, njira ya pa intaneti yomwe imayendetsedwa ndi AAMC, bungwe la sukulu za udokotala. Texas ili ndi njira yakeyake, TMDSAS, ndipo sukulu za DO, digiri ina ya udokotala, zimadzera ku AACOMAS. Ine ndinali wa AMCAS basi. Kumeneko makalata ali mitundu itatu: kalata ya komiti ya pa yunivesite yako, mulu wa makalata umene yunivesite imasonkhanitsa n'kutumiza pamodzi, ndi kalata ya munthu mmodzi payekha. Pa yunivesite yathu panalibe komiti, choncho aliyense ndinayenera kukamupempha ndekha. AMCAS imalola mpaka makalata 10, koma sukulu iliyonse ili ndi chiwerengero chake. Ndinakhala madzulo awiri pa MSAR, ndandanda ya sukulu ya AAMC, ndikulemba m'kope zimene iliyonse ikufuna. Zambiri mwa zimene ndinasankha zinkafuna makalata awiri a aphunzitsi a sayansi ndi imodzi ya mphunzitsi wa phunziro lina. Yachinayi ndinaganiza kuti ichokere kuntchito.

Woyamba kumupempha anali pulofesa wa organic chemistry, chifukwa ndi kumene ndinakhoza bwino kuposa konse. Mlangizi uja anali atandiuza kuti ndisafunse kuti "mungandilembere kalata?" koma kuti "mungandilembere kalata yamphamvu?", popeza funso lachiwirili limapatsa munthu mpata wokana mwaulemu. Bamboyo anatsegula kompyuta, anapeza dzina langa, kenako anandiyang'ana. "Giredi yako ndi yabwino. Koma ndikalemba, ndingolemba kuti unali m'kalasi mwanga ndipo unapeza A. Zimenezo aziona kale pa transcript, pepala la magiredi ako onse." Ndinathokoza, ndinatuluka, ndinakakhala m'galimoto mphindi zambiri osailiza. Zinandipweteka. Koma lero ndimaona kuti anandichitira chifundo, chifukwa kalata yozizira ikangolowa mu AMCAS siichotsedwanso, ndipo sindikanadziwa n'komwe kuti ndi yozizira.

Ndinali ndi semesita imodzi yokha yoti ndikonze zinthu. Ndinayamba kupita ku ofesi ya pulofesa wa physiology Lachitatu lililonse, pa maola amene amaika kuti ophunzira azibwera. Tsiku loyamba ndinaima pakhomo manja ali thukuta, funso nditalemba papepala kuti lisandithawe. Linali la impso, mmene zimabwezera madzi m'thupi. Ndinalifunsa chifukwa kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito usiku kunali agogo ena amene miyendo inkatupa, ndipo ndinkafuna kumvetsa chimene mankhwala awo okodzetsa ankachita. Mayi pulofesayo anasiya zimene ankalemba, anajambula nephron, kachigawo ka impso kosefa magazi, pabolodi, tinakhala pafupifupi ola. Pofika mu Epulo ankanditchula dzina molondola, nditawaphunzitsa kawiri katchulidwe kake. Kalata yachiwiri ya sayansi ndinapempha mphunzitsi wa microbiology amene ankayang'anira labu yathu ya anthu 20, ndipo ya phunziro lina ndinapempha wa anthropology, amene anakonda nkhani yomwe ndinalemba ya azamba a kumudzi kwathu.

Aliyense amene anavomera ndinamupatsa envulopu yofanana. Munali CV, transcript, nkhani yanga yofotokoza chifukwa chimene ndikufunira udokotala ngakhale inali isanathe, ndi fomu ya AMCAS yopemphera kalata. Fomu imeneyi inali ndi manambala awiri, AAMC ID yanga ndi Letter ID ya kalata imeneyo, ndipo wolemba aliyense anali ndi Letter ID yakeyake. Akasokoneza manambalawa kalata imasochera. Ndinaikamonso tsamba limodzi limene linandivuta kulemba kuposa china chilichonse: zinthu zitatu kapena zinayi zimene munthuyo anandiona ndikuchita, ndi masiku ake. Kwathu kudzitchula wekha zabwino ndi kudzitama. Koma pulofesa ali ndi ophunzira mazanamazana, ndipo ukapanda kumukumbutsa tsiku lija unatsalira mu labu kubwereza Gram stain (kupaka mabakiteriya utoto kuti aoneke pa maikulosikopu) imene inakanika, alemba mawu omwewo amene amalembera aliyense, akuti wolimbikira, wanzeru, waulemu. Pamwamba pa envulopu ndinalemba zinthu ziwiri zimene sukulu zimafuna: kalata ikhale papepala la mutu wa yunivesite kapena kuntchito, ndipo isainidwe.

Yachinayi ndi imene ndinkaikayikira. Namwino wamkulu wa usiku kuntchito kwathu si pulofesa, ndipo anali asanalembepo kalata yopita kusukulu ya udokotala. Anzanga ankathamangira madokotala a mayina akuluakulu amene anawatsatira masiku awiri kapena atatu m'chipatala. Ine ndinali ndi mayi amene anandiona zaka ziwiri ndikusambitsa okalamba, kuwasintha zofunda, kuwatembenuza maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda za pabedi. Nditawapempha anati, "Ine ndilemba chiyani choti madokotala awerenge?" Ndinawasindikizira malangizo a AAMC a olemba makalata, amene amanena kuti wolemba afotokoze kuti wamudziwa bwanji wophunzirayo, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo apereke zitsanzo za zimene waona ndi maso ake. Anawapinda n'kuika m'thumba la yunifolomu. Kalata yawo ndiyo inayamba kufika.

Fomu ya AMCAS imatsegulidwa mu Meyi, ndipo kutumiza kumayamba chakumapeto kwa mwezi womwewo. Chimene chinandithandiza kudziwa ndi chakuti sufunika kudikira makalata kuti utumize fomu. AMCAS imaunika magiredi ako popanda makalatawo, ndipo amatha kufika pambuyo. Ndinatumiza sabata yoyamba ya Juni. Makalata atatu anali atalowa. Ya physiology, imene ndinkaidalira kwambiri, inali isanafike.

Apa ndi pamene nkhawa inandigwira zenizeni. Mu Julayi sukulu zinayamba kutumiza mafomu awo achiwiri, ndipo ndinkawayankha msangamsanga. Koma sukulu zambiri siziyamba kuwerenga fayilo yako mpaka zonse zitakwana, MCAT, fomu yachiwiri ndi makalata. Ndiponso zambiri zimaitana anthu ku intavyu motsatira amene zawo zakwana msanga, choncho sabata iliyonse yodikira ndi malo amene akutengedwa ndi ena. Ndinkatsegula AMCAS m'mawa ndikachoka kuntchito, masana ndikadzuka, usiku pa nthawi yopuma. Mzere wa kalata imodziyo sunkasintha. Imelo yowakumbutsa ndinailemba katatu, katatu konse ndinaifufuta. Mumtima ndinkati anavomera okha, akudziwa, ndikawakumbutsa aona ngati ndikuwalamula.

Amayi anaona kuti nsima ndikungoinyemanyema. Nditawafotokozera anati, "Iwe, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amayiwo tulo akugona bwinobwino. Amene sakugona ndi iwe." Ndinati, "Koma amayi, si inu munandiphunzitsa kuti wamkulu sakumbutsidwa?" Anati, "Ndinakuphunzitsa kugogoda, sindinakuphunzitse kuima panja mpaka kuche."

Usiku womwewo ndinatumiza mizere inayi. Ndinawathokoza chifukwa chovomera, ndinawauza kuti fomu yanga yapita ndipo sukulu zikudikira kalata yawo yokha, ndinabwerezanso manambala awiri aja, ndi kufunsa ngati pali china chimene ndingawatumizire. Sabata inatha kuli zii. Ndinaimbira mlembi wa dipatimenti, amene anandiuza kuti apita kunja kukachita kafukufuku ndipo imelo amaiona mwa apo ndi apo, koma awapatsira uthenga. Panthawi yomweyo ndinachita chimene ndinayenera kuchita kale mu Epulo: ndinapempha mphunzitsi wa genetics kuti akhale wapadera ngati zitavuta. Kalata yachisanu ija sinafunikenso. Patatha masiku anayi pulofesa anayankha kuti anailemba kalekale koma anaiwala kuitumiza, anapepesa, ndipo m'mawa mwake mzere uja unasintha. Inali sabata yachitatu ya Julayi. Ndikanawakumbutsa mu Juni ndikanapulumutsa mwezi wathunthu. Kwa amene akuganiza kuti mwina adzayesanso chaka china, AMCAS sisunga makalata a chaka chatha, n'chifukwa chake ena amawasungitsa ku Interfolio, komwe umalipira kuti aziwatumiza nthawi imene wafuna.

Mu Okutobala ndinaitanidwa ku intavyu. Dokotala amene ankandifunsa, bambo wa imvi, anali ndi fayilo yanga patsogolo pake. Titakambirana za MCAT ndi za kwathu, anatsegula tsamba lina n'kunena kuti, "Tandiuze za bambo amene ankakana kudya." Nkhani imeneyo sindinailembe paliponse. Anali agogo ena a matenda oiwalaiwala amene ankakankha supuni aliyense akamawadyetsa. Ndinazindikira kuti akaona munthu ataimirira pamwamba pawo ankachita mantha, choncho ndinkakoka mpando, ndinkakhala pansi kuposa iwo, n'kuika supuni m'dzanja lawo dzanja langa lili pansi pake. Ankadya. Sindinkadziwa kuti pakhomo pankaima munthu akuona.

Nditabwerera ku South Bend ndinatsegula sutikesi ya amayi, ndinasankha chitenje chimodzi mwa zimene anabwera nazo kuchokera ku Limbe, ndinachikulunga bwino. Usiku umenewo ndinakapeza namwino wamkulu uja akuwerenga mankhwala pa trolley. Ndinadikira amalize, kenako ndinachipereka ndi manja awiri.