Kapinga wa m'paketi ndi kapinga wa kwa aneba

Zomba ndi boma limodzi, koma nyengo ndi nthaka yake si imodzi ayi. Pamwamba pa phiri, pomwe nsonga zina zimapitirira mamita 2,000, umavala juzi m'mawa ngakhale mu Okutobala. M'tauni muno tili cha pa mamita 900. Ukatsetserekera ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, wafika pa mamita 600 ndi pang'ono, kotentha, dothi lamakande, pena lamchere. Kuchoka ku Ku Chawe kukafika kumeneko sipakwana makilomita 50. N'chifukwa chake munthu akaona pakhomo panga pali gilini n'kundifunsa kuti agule mbewu yanji ya kapinga, ndimayamba ndamufunsa komwe amakhala, ndipo kawirikawiri timathera poti asagule mbewu iliyonse.

Kapinga wambiri amene mumamuona m'nyumba za ku Mulunguzi, ku Botanic Gardens kapena pabwalo la gofu la Gymkhana ndi wa mitundu yoyanga. Anthu amachita kukumba tizingwe take n'kukabzala pena. Mbewu ya m'mapaketi, ija ya m'mashopu akuluakulu a ku Blantyre yokhala ndi chithunzi cha bwalo lobiriwira bii, yambiri ndi yochokera kunja. Tembenuzani paketiyo muwerenge kumbuyo. Mukapeza mayina oti ryegrass, fescue kapena Kentucky bluegrass, dziwani kuti umenewo ndi udzu wa kumaiko ozizira, umasangalala kukamatentha madigiri 15 mpaka 24 basi. Aneba anga ena anafesa wotere mu Juni, nthawi ya chiperoni. Unamera mwachangu, wosalala, wokongola moti anthu odutsa ankaima n'kusuzumira pageti. Okutobala atafika, dzuwa likuswa mtengo, unayamba kuchita zigamba zofiira, ndipo pofika Novembala panatsala fumbi ndi bilu ya madzi. Mwina pamwamba pa phiri ungapirire, koma kuno kumunsi musadzivutitse.

Mukapeza paketi yolembedwa Bermuda kapena Cynodon dactylon, imeneyo ndiye ingathe. Koma musadabwe ikamera: ndi kapinga yemweyu amene anganga anga akhala akulimbana naye ndi khasu m'munda wa chimanga moyo wawo wonse. Nditawauza kuti alipo anthu amamugula ndi ndalama, anaseka mpaka kutsokomola.

Puloti yanga ili ku Chinamwali, pamalo otsetsereka, dothi lakatondo losakanikirana ndi timiyala. Si yaikulu, koma ili ndi mbali zitatu zosiyana ndipo mbali iliyonse inafuna udzu wakewake. Kumaso kumawomba dzuwa tsiku lonse ndipo ndi komwe ana amamenyera mpira. Kuseri kuli mango ndi mapeyala. Kumunsi kuli chiphedi chomwe madzi onse ochokera kwa aneba akumtunda amadzera.

Kumaso ndinabzala kapinga wamba, wa masamba ang'onoang'ono uja. Amakonda dzuwa, sasamala kupondedwa, ndipo zingwe zake zina zimayenda pansi pa nthaka, choncho ngakhale ana akumbe pagolo mpaka kuyera, mvula ikagwa amatseka yekha. Kabzalidwe kake n'kosavuta. Ndinalima bwino, n'kusalaza ndi leki, kenako n'kukanda timizere ndi ngodya ya khasu, totalikirana masentimita 20. M'timizeremo ndinagoneka tizingweto, n'kukwirira mosiya nsonga zamasamba kunja, kenako n'kupondaponda ndi mapazi kuti mfundo zake zigwirane ndi dothi, poti mizu imatulukira pamfundo. Ukabzala mvula ili mkati, miyezi iwiri kapena itatu dothi silionekanso. Kuyambira Ogasiti amafiira, ndipo ine sindimuthirira. Anthu amaganiza kuti wafa, koma amangogona. Vuto lake ndi mwano: amalowa m'maluwa, m'mabedi a mpiru, ngakhale m'ming'alu ya khonde. Ndinachita kukwirira njerwa zoimika m'malire monse, komabe mwezi ndi mwezi ndimayenda ndi chikwanje kudula wodumpha mpanda.

Ambiri amafuna kikuyu chifukwa ndi wonenepa, wofewa kukhalapo, gilini wake wowala. Kwawo ndi kumapiri a ku Kenya, kozizira komanso kwamvula yambiri, ndipo khalidwe la kwawolo sanalisiye. M'nyumba za m'munsi mwa phiri, komwe kumadutsa timitsinje ndipo nkhungu imatsika, amachita bwino. Ku Matawale kapena ku Chikanda amafuna kuti muzimuthirira chilimwe chonse, ndipo madzi a damu la Mulunguzi akafika pampopi wanu ndi olipira. Amadyanso manyowa kwambiri, ndipo nthawi ya dzinja mukadumphitsa sabata osatchetcha mumapeza wafika m'misongolo. Amene ali ndi chitsime chake ndi mnyamata wapabwalo, abzale. Ine ndinamuyang'ana, n'kuyang'ana m'thumba, ndinamusiya.

Za kuseri kwa nyumba anandithandiza ndi madala ena omwe anayamba ntchito yosamalira maluwa m'nyumba za akuluakulu a boma Zomba akadali likulu, lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Anabwera masana dzuwa lili paliwombo, n'kuima pansi pa mango, maso pansi.

"Bambo, taonani apa," anatero akuloza ndi ndodo. "Pamene dzuwa likudontha timadontho apa, LM agwira. Apo pakuda bii, pafupi ndi thunthu, musataye nthawi. Palibe udzu umene ungamere. Ikanipo benchi."

Ndinawafunsa ngati kuwonjezera feteleza kungathandize. Anandiyang'ana mondimvera chisoni.

"Udzu umadya dzuwa, bambo. Feteleza ndi ndiwo chabe."

LM, yemwe dzina lake linachokera ku Lourenço Marques, Maputo wa lero, ndi kapinga wofewa, wa masamba otakata pang'ono, amene amapirira mthunzi kuposa anzake. Mnzake pa ntchito imeneyi ndi buffalo, wa masamba okhuthala ndi okhakhala. Onsewa zingwe zawo zimayenda pamwamba pa nthaka pokha, ndiye pali zinthu ziwiri zofunika kudziwa. Savuta kuwaletsa kulowa m'maluwa, chifukwa ukadula wadula. Koma ukawameta mpala ndi silasha, wachotsa moyo wawo wonse, ndipo adzachedwa kubwerera. Asiyireni masentimita 5 kapena kuposerapo. Anyamata aganyu amakonda kutchetcha mpaka dothi lioneke kuti bwana aone kuti ntchito yagwirika, ndiye muziwauziratu asanayambe. LM safunanso kupondedwa kwambiri. Pomwe amayi a kunyumba amadutsa popita kukayanika zovala ndinayalapo miyala yaphanthiphanthi, ndipo mkangano unathera pomwepo. Pansi pa bulugamu kapena paini ndiye palibe mwa awiriwa amene angakusangalatseni, mitengo imeneyi imamwa chinyezi chonse.

Pachiphedi paja sindinayambe ndi kapinga, ndinayamba ndi vetiva. Aliyense wokhala m'mbali mwa mapiri a Zomba anaona mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, zomwe madzi amachita akapeza dothi lofewa pamalo otsetsereka. Kapinga amagwira dothi lapamwamba lokha. Vetiva mizu yake imalowa pansi molunjika mamita awiri kapena atatu, ndipo akakula amapanga mpanda wothithikana womwe umachepetsa liwiro la madzi n'kutsakamiza dothi. Amene timabzala kunoyu sabereka njere zomera, choncho wina akamakutsatsani mbewu ya vetiva, gwirani chikwama chanu. Mumagawa phata, n'kudula masamba kuti atsale aafupi, n'kubzala motalikirana masentimita 10 mpaka 15 mumzere wopingasa chitsetse. Mzerewo uyende mulingo umodzi, osapendekera mbali, apo ayi madzi amatsata mzerewo n'kukakumba chigwembe kumapeto. Alangizi a zaulimi amadziwa kuyeza kwake, ndi momwe amayezera akalozera m'minda. Mizere ya vetiva itagwira ndi pomwe ndinabzala kapinga pakati pake.

Ndiye mbewu yofesa ilibe ntchito? Ili nayo. Alamu anga ali ndi ng'ombe yamkaka cha ku Thondwe, ndipo udzu wa Rhodes womwe amaumitsa kuti azidyetsa chilimwe amachita kufesa. Ndinawaonerera chaka china akugwira ntchitoyi, ndipo zomwe amachita ndi zomwezo zofunika kwa amene wagula mbewu ya Bermuda, makamaka ngati malo ndi aakulu, monga bwalo la sukulu kapena la tchalitchi, poti kumeneko kubzala tizingwe kungathe anthu msana.

Asanafese amayamba ayesa mbewuyo. Amatapa pang'ono, n'kuiwaza pa kansalu konyowa m'mbale, n'kuvundikira, n'kumanyowetsa tsiku ndi tsiku. Pakatha sabata ziwiri osaona kanthu, mbewuyo ndi yakufa kapena ndi mankhusu okhaokha. Mbewu ya udzu imafa msanga ikasungidwa potentha ndi ponyowa, ndipo pongoiyang'ana simungadziwe. Ya Rhodes ndi yopepuka, yaubweya, imagwirana m'manja, mphepo pang'ono yauluka. Alamuwo amaisakaniza ndi mchenga wouma mu ndowa, mchenga wochuluka kuposa mbewu, n'kugawa pawiri. Theka loyamba amawaza akuyenda chotsika ndi chokwera, linalo akuyenda chopingasa, kuti pasakhale podumphidwa. Amachita m'mamawa mphepo isanadzuke.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pokwirira. Tinazolowera chimanga, ndiye dzanja limafuna phando. Njere za udzu n'zazing'ono kwambiri, zilibe chakudya chokwanira kuti mphukira iboole dothi lambiri. Zikalowa kupitirira sentimita imodzi, zambiri zimathera komweko. Alamu anga amangokoka nthambi yamasamba pamwamba, kenako banja lonse limaponda malowo. Kupondako kumathandiza kuti njere ikhudzane ndi dothi lonyowa, komanso kuti nyerere zisaitute, chifukwa nyerere zikaipeza poyera zimasamutsa usiku umodzi. Pamalo aang'ono mukhoza kuphimbira ndi udzu wouma wopyapyala monga amachitira pa nazale ya fodya, woti dothi lizionekera, n'kumauchotsa pang'onopang'ono mbewu ikamera. Udzu wophimbirawo usakhale wanjere, mungafese tsekera pakhomo.

Nthawi yake si ya chizimalupsa. Mvula ija imanyenga, mbewu imamera kenako dzuwa la sabata ziwiri n'kuiwamba. Dikirani mvula ikhazikike, dothi linyowe mpaka pansi, cha mu Disembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale. Mukachedwa kwambiri mukumana ndi mvula yamkuntho ya Febuluwale ndi Malichi udzu usanagwire, ndipo mbewu yanu ikamerera kwa aneba akumunsi. Ukamera musathamangire kutchetcha. Kokani kaye kaphata kamodzi, kakakana kuzuka ndiye kuti mizu yagwira. Nsenjere, womwe alimi a mkaka amaudaliranso, safesa ayi. Amadula phesi lokhala ndi mfundo zitatu, ziwiri n'kulowa m'dothi.

Chinthu chomwe chimapha kapinga m'nyumba zambiri zatsopano ndi dothi lomwe amisiri amasiya. Dothi lofiira lochokera m'maziko ndi m'dzenje la chimbudzi amalimwaza pabwalo, pansi pake pali zibenthu za njerwa, matumba a simenti ndi pomwe ankakandira matope. Pamenepo ngakhale mubzale mtundu wabwino chotani, pamakhala zigamba zachikasu chaka ndi chaka. Kumbani, tolani zonsezo, ndipo ngati mukumanga kumene, uzani amisiri aunjike padera dothi lakuda lapamwamba asanakumbe maziko. Manyowa akhale owolerana. Aawisi a m'khola amabwera ndi chisoso ndi bonongwe, ndipo zinyalala zosawola zimaitana chiswe. Pobzala mukhoza kuwaza feteleza wokulitsa pang'ono n'kumusakaniza ndi dothi. Wobereketsa adikire udzu utagwira, ndipo muthire dothi lili lonyowa masamba ali ouma, apo ayi amawaula. Zaka zina mu dzinja kumagwa ntchemberezandonda, zomwe zimadya udzu wanthete usiku umodzi, choncho kapinga wongomera kumene muzimuyendera m'mawa uliwonse.

Anganga mpaka lero sagwirizana nazo zoti pakhomo pakhale udzu. Kwa iwo bwalo la munthu waukhondo ndi losesa, loyera mbee, loti njoka ikadutsa usiku m'mawa uone mkukuluzi wake. Pa za njoka sakunama, ndipo kuno kufupi ndi miyala ya m'phiri ziliko. Ndinasiya mpata wa mita imodzi wopanda udzu kuzungulira nyumba, kapinga ndimamusunga wamfupi, ndipo vetiva ndimamudula kawiri pa chaka. Akabwera kudzacheza amasesa mpata umenewo ndi mtima wonse, kwinaku akudandaulira mbuzi zakumudzi zomwe zikusowa msipu.

Tizingwe tobzala musavutike nato. Yendani m'dera lanu lomwelo mu Okutobala, osati mu Febuluwale pomwe chilichonse chimakhala chobiriwira, muone pakhomo pomwe kapinga akupirira padothi ndi mthunzi wofanana ndi wanu. Mvula ikayamba kagogodeni. Anthu akamadula m'mphepete mwa kapinga wawo amataya matumba ndi matumba, ambiri amangokupatsani, ena mumangogulira mnyamata wawo fanta. Ikani m'thumba, wazani madzi, sungani pamthunzi, mubzale tsiku lomwelo kapena mawa lake. Musanabzale khuthulani thumbalo pansi musankhule bwinobwino, chifukwa ngati muli dawe, timbatata take tija tikalowa m'dothi lanu mudzalimbana nato zaka.